ALENDO OPHUNZIRA CIJEREMANI M'CILIMWE KU VIENNA

Mwezi wa July ukafika, ana a sukulu zazikuru za mu Vienna, mzinda waukuru wa dziko la Austria, amamanga katundu wao napita kwao kukapuma. Zipinda zimene iwo azisiya sizikhalitsa zopanda anthu, pakuti mumalowa alendo ocokera ku maiko ambiri: anamwino, aphunzitsi, makalaliki, ngakhale nkhalamba za imvi. Onsewo adzera cinthu cimodzi, ndico kuphunzira Cijeremani pa milungu itatu kapena inai, ndipo ena amakhala kufikira September.

Mwambo umenewu unayamba m'caka ca 1922. Pa nthawiyo Austria inali pa umphawi woopsya. Ufumu wa banja la Habsburg, umene unali ndi anthu oposa mamiliyoni 50, unasweka mu 1918 itatha Nkhondo Yaikuru yoyamba, ndipo Vienna inatsala ngati mutu wa munthu wamkuru pa thupi la khanda. M'masiku obvuta amenewo ndi m'mene munayambika maphunziro a alendo pa Yunivesite ya Vienna. Yunivesiteyo inakhazikitsidwa ndi Rudolf IV mu 1365, ndipo mwa zonse za m'maiko olankhula Cijeremani lero, yakale koposa ndi imeneyi.

Ambiri mwa alendowo amaphunzirira m'nyumba zimene kale zinali cipatala cacikuru ca mzindawo, cotsegulidwa mu 1784. M'cipatala comweco ndi m'mene dotolo Ignaz Semmelweis anazindikira mu 1847 kuti amai ambiri anali kufa pa ucembere cifukwa madotolo sanali kusamba m'manja bwino. Namwino amene lero akhala pa benci m'mabwalo amenewo ndi buku la galamala, akhala pa malo a mbiri ya nchito yake.

Tsiku loyamba mlendo amayesedwa kuti adziwike pamene afika. Makwerero a cinenero alipo asanu ndi limodzi, kuyambira A1 kufikira C2. Phunziro limakhala m'mawa, ndipo mphunzitsi salankhula cinenero cina koma Cijeremani cokha, ngakhale kwa munthu amene sadziwa ndi moni yemwe.

Cimene cimayamba kuzunguza mutu ndi timau titatu, der, die ndi das. Dzina la cinthu ciri conse liri ndi kamodzi mwa timau timeneti, ndipo nthawi zambiri palibe cifukwa cimene munthu angagwire. Supuni ndi der, foloko ndi die, mpeni ndi das. Msungwana, amene ali yense angayese kuti ndi die, iwo amati das Mädchen. Mngerezi amadandaula nazo kwambiri zimenezi. Koma munthu wolankhula Cinyanja, amene anakula akunena "munthu wanga, cinthu canga, dzina langa" osaphonya, sayenera kuzizwa kuti maina ali ndi magulu ao. Cimodzimodzi ndi ulemu: Sie ndi "inu", du ndi "iwe", ndipo kunena du kwa mkuru wosamdziwa ndi cipongwe monga momwe ciriri pa mudzi.

Ziwerengero ndizo zimataitsa anthu ndarama m'sitolo. Pofuna kunena 21, Mjeremani amayamba ndi cimodzi, natsiriza ndi makumi awiri, kotero kuti womva 45 amalemba 54. Nthawi nayo iri ndi msampha wake. Halb acht, kunena kuti theka la 8, ndi 7.30, ndipo wa ku Vienna akati viertel acht atanthauza 7.15. Alendo ambiri afika pa siteshoni sitima itapita kale cifukwa ca zimenezi.

Tsono atagwira za m'buku, mlendoyo amaturuka kunka ku msika, nakapeza kuti anthu a mu Vienna ali ndi kalankhulidwe kao. Buku limati mbatata ndi Kartoffeln, wogulitsa amati Erdäpfel. Buku limati Tomaten, iye amati Paradeiser. Moni wao ndi Grüß Gott. Anthu a ku Austria amawanyadira mau amenewa, kotero kuti polowa m'cigwirizano ca maiko a ku Ulaya mu 1995 analembetsa m'pangano mau ao 23, onse a zakudya, kuti asamezedwe ndi Cijeremani ca ku Germany.

Vienna ndi mzinda wa mitundu yosanganikirana kuyambira kale. Mu 1910 munali anthu oposa mamiliyoni awiri, ambiri a iwo ocokera ku Bohemia, Hungary ndi Poland, ndipo maina a Cicheki akali ambiri pa zitseko. Kuyambira 1945 kufikira 1955 mzindawo unagawidwa pakati pa Amereka, Angerezi, Afalansa ndi Arasha. Mu 1979 munatsegulidwa nyumba zazikuru za United Nations. Komatu kusanganikirana kumeneku sikunali kwa mtendere nthawi zonse. Mu 1938 Ayuda ambiri, aphunzitsi ndi ophunzira omwe, anapitikitsidwa pa Yunivesite yomweyi. Kale kwambiri kunali Angelo Soliman, munthu wa mu Afrika amene anagwidwa ukapolo ali mwana, nakhala wolemekezeka pakati pa akuru a mu Vienna, wodziwa zinenero zingapo. Atamwalira mu 1796 anamsenda khungu namuimika m'nyumba yoonetseramo zinyama, ngakhale mwana wake wamkazi anapempha kuti aikidwe m'manda.

Kucuruka kwa mitundu kuli ndi coipa cina kwa wophunzira, cimene alendo ambiri amacizindikira mocedwa. Anzake a m'kalasi, wa ku Japan, wa ku Brazil, wa ku Turkey, onse amadziwa Cingerezi, ndipo belu likangolira Cijeremani cimatsala pa desiki. Wa m'sitolo naye akamva mlendo akudodoma amatembenukira ku Cingerezi mwa cifundo. Motero munthu angathe kukhala mwezi wathunthu, ndarama zimene anasunga zaka ziwiri zitatha, nabwerera ndi zithunzi zambiri koma mau owerengeka.

Ocenjera amapita okha ku nyumba za khofi. Kumeneko munthu akagula kapu imodzi amampatsanso tambula ya madzi, ndipo angakhale maora atatu akuwerenga nyuzi zopacikidwa pa timitengo popanda womuinga. Madziwo amacokera ku mapiri m'mipope imene inayamba nchito mu 1873. Dzuwa la July limalowa ca m'ma 9 koloko usiku, ndipo pa bwalo la Rathaus pamaonetsedwa kanema wa nyimbo waulere, cifukwa nyumba yaikuru ya Opera imapuma mu July ndi August.

Wofuna kulowa Yunivesite ya Vienna pa maphunziro a m'Cijeremani amafunsidwa C1, ndipo cilimwe cimodzi sicingamfikitse pamenepo ngati anayambira pa A1. Mwezi umodzi wa khama umakweza munthu theka la khwerero, kapena khwerero limodzi akalimbika zedi. Cilolezo ca mlendo wa masiku ocepa sicipitirira masiku 90, ndipo pofika October eni zipinda aja amakhala atabwerera kudzafuna makiyi ao.