Kanema wa Kamkwamba ndi Chichewa Chake

Anthu ambiri a m'dziko muno anakondwera m'chaka cha 2019 pamene kanema wotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind anatuluka pa Netflix. Bwana Chiwetel Ejiofor anamukonza kuchokera m'buku la William Kamkwamba, mnyamata wa kwa Wimbe ku Kasungu, amene anapanga makina a mphepo opereka magetsi itapita njala ya 2002.

Komatu chikondwererocho chinadza ndi madandaulo. Ambiri anati Chichewa cha ochita seŵerolo nchopotoka, mwakuti mwini chinenero ankachita kuŵerenga Chingerezi cholembedwa m'munsi kuti amve zakwawo zomwe. Dandauloli nlomveka, pakuti mbali zazikulu zinapatsidwa kwa alendo: Maxwell Simba, wokhala William, ngwa ku Kenya, ndipo Ejiofor mwini, wokhala atate ake, anabadwira ku London.

Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976 nasonkhanitsa zigoba za Gule Wamkulu, mlandu ngwina, popeza zilombo zikuonekamo m'kanemayu. Aphunzitsi a ku Golomoti ndi ku Mtakataka ofuna kuonetsa ana kanemayu athange afunsa akuluakulu a kudambwe ngati gule anavinidwa mwa mwambo wake.