Bakha sanamizika pamadzi abata

Aliyense amene anafikako m'madambo a mpunga ku Benga, m'boma la Nkhotakota, akudziwa kuti abakha am'tchire ndi atsekwe sakhala duu. Amasambira, kumiza mitu ndi kukupiza mapiko, ndipo madzi owazungulira amachita timafunde.

Timafundeti ndi timene anzawo ouluka amayang'ana asanatere. N'chifukwa chake alenje a ku America, omwe amakopa mbalamezi ndi zidole zooneka ngati abakha, amafunanso zogwedeza madzi. Chidole chongoti njoo pamadzi abata, bakha wochenjera amachilambalala.

Zilipo zoyendera mabatire, zina zosambira, zina zowaza madzi. Koma mlenje wa kuno asathamangire zimenezi. N'zodula, ndipo batire ikatha, m'bango mulibe potchajira. Yotheka ndi njira yakale: mwala wa nangula, mphira wa chubu cha njinga ndi chingwe chomangirira zidole zitatu kapena zinayi. Mlenje akakoka ali chibisalire, mphira umabweza, madzi n'kugwedezeka.

Panyanja penipeni nthawi ya mwera, kuyambira May mpaka August, chingwecho n'chosafunika. Mphepo imagwira yokha ntchitoyo.

Vuto n'lakuti zidole zina zimakopa mopitirira muyeso. Ku California zozunguza mapiko ndi batire n'zoletsedwa nyengo yosaka ikangoyamba mpaka pa 1 December. Kuno, lamulo la nyama zakutchire la 1992, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, limafuna kuti wosaka mbalamezi ayambe watenga chilolezo kunthambi ya boma yoona za nyama zakutchire.