Ndege Yatera, Nanga Kuphiri Tikafika Bwanji?

Banja likatsika ndege pa bwalo la Geneva m'mwezi wa February, ulendo umakhala ukadali pakati. Pali bambo, mayi ndi ana awiri kapena atatu, zikwama zotupa ndi majekete a nyengo yozizira, ndiponso thumba lalitali la zipangizo za ski, zija amatsetserekera nazo pa chipale chofewa, lomwe silikwana m'buti ya galimoto wamba. Kumene akupita ndi kumapiri a Alps. Ngati ndi ku Chamonix, m'tsinde mwa phiri la Mont Blanc, atsala ndi makilomita pafupifupi 90, ulendo wa ola limodzi ndi mphindi zingapo pa msewu wa A40. Ngati ndi ku Val Thorens, komwe kuli pamtunda wa mamita 2,300, atsala ndi maola atatu kapena kuposerapo, ndipo chigawo chomaliza ndi msewu wokhotakhota wokwera phiri, mwinanso kunja kutada kale. Funso lawo ndi lomwe lija limazunguza banja lotera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi likufuna kukaona Nyika kapena kukwera Mulanje: tichoka bwanji pano ndi ana ndi katundu yenseyu? Ambiri akamayerekeza malo awiriwa amathamangira kunena za phula ndi magalimoto atsopano. Ine ndikuona kuti kusiyana kwenikweni kuli pa amene amasenza nkhawa ya ulendowo. Ku Alps nkhawayo anaitula pamutu pa banja n'kuisenzetsa dongosolo lolembedwa, lomwe mlendo angathe kuliwerenga asanachoke kwawo. Kwathu kuno timasenzetsa wachibale, ndipo amene alibe wachibale amasenza yekha.

Chitsanzo chomveka bwino ndi Zermatt ku Switzerland, mudzi wa m'munsi mwa phiri la Matterhorn. Pa bwalo la ndege la Zürich siteshoni ya sitima ili pansi pa bwalo lomwelo, moti munthu amangotsika pa chikepe ndi zikwama zake n'kupeza njanji. Sitima imamutenga kudzera ku Bern, n'kulowa mu ngalande ya Lötschberg yoboola pansi pa mapiri kwa makilomita oposa 34, yomwe inatsegulidwa mu 2007, mpaka kukafika ku Visp. Apo amasintha n'kukwera sitima yocheperapo yotsata chigwa chokwera, pa njanji yomwe inafika ku Zermatt kalekale mu 1891. Ulendo wonse umatenga maola atatu ndi theka. Wobwera pa galimoto yake sangalowe nayo m'mudzimo. Amaisiya ku Täsch, makilomita 5 kumunsi, n'kukwera sitima ya mphindi 12 yomwe imanyamuka mphindi 20 zilizonse, ndipo akafika amapeza timagalimoto ta magetsi ta mahotela tikudikira. Liwiro lokha silingafotokoze kupepuka kwa ulendowu. Kuyambira mu 1982 sitima za dzikolo zimayenda pa ndandanda yobwerezabwereza: ikanyamuka mphindi zakutizakuti ola lino, inzake inyamukanso mphindi zomwezo ola lotsatira, ndipo anazilunzanitsa kuti sitima ikamafika pa siteshoni yosinthira, yolumikiza kapena basi yachikasu ya positi ikhale ili pafupi kunyamuka. Ndege ikachedwa, mayi sayamba kuimba mafoni uku ndi uku. Amangodikira sitima ya ola lotsatira. Mwana wosafika zaka 6 salipira, ndipo woposera apo koma wosakwana zaka 16 amayenda ndi kholo lake chaka chonse pa khadi la ma franc 30.

Mbali ya France zambiri zimayenda pa msewu, ndipo apa m'pamene kuyerekeza ndi kwathu kumakoma, chifukwa galimoto yomwe imanyamula mabanja ambiri kuchoka ku Geneva ndi minibasi chabe, ya anthu asanu ndi atatu. Koma mpando wake umagulidwa pa intaneti kukadali masabata. Kampani imafunsa nambala ya ndege, kuchuluka kwa zikwama ndi zaka za mwana aliyense, kenaka imaphatikiza m'galimoto imodzi mabanja otera nthawi zoyandikana. Dalaivala amaima potulukira atanyamula chikwangwani, timipando ta ana atatimangirira kale. Sachita zimenezi chifukwa cha mtima wabwino wokha. Ku Switzerland mwana wosafika zaka 12 yemwenso sanatalike masentimita 150 ayenera kukhala pa kampando kake, ku France malire ndi zaka 10, ndipo kuyambira mu 2021 lamulo la France limafuna kuti m'madera a m'mapiri galimoto ikhale ndi matayala a m'chipale kapena matcheni kuyambira pa 1 November mpaka pa 31 March. Bambo amene wasankha kubwereka galimoto n'kumayendetsa yekha amakumana ndi malamulo omwewo, ndipo kugwada m'mbali mwa msewu usiku, zala zitauma ndi kuzizira, uku akulimbana ndi matcheni omwe sanawamangepo chibadwire, ana akulira kumbuyo, n'kumene kumachititsa ambiri kuti chaka chotsatira angolipira minibasi.

Tsopano titere pa Lumbadzi. Kuchoka pabwalo kukafika mumzinda wa Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 25, ndipo Mmalawi wobwera kuchokera ku Johannesburg kapena ku Manchester safunsa n'komwe za nthawi ya basi. Amafunsa kuti akamuchingamira ndani. Ngati palibe, pali takisi, ndipo mtengo wake umatuluka mkamwa mwa dalaivala atayamba wayang'ana zikwama ndi nsapato za mlendoyo. Ku depoti minibasi imanyamuka ikadzaza. Woitanira amalumbira kuti kwatsala munthu mmodzi yekha, injini ikulira kuti anthu akhulupirire, koma theka la ola limatha, mwana ali pamiyendo pa mayi ake, chikwama chili pansi pa mpando pamodzi ndi thumba la chimanga la munthu wina. Wopita ku Nyika, kuja udzu umayera ndi chisanu m'mawa wa June ndi July, akadutsa Mzuzu n'kufika ku Rumphi amakhala atatsala ndi makilomita oposa 100 a msewu, wambiri wake wafumbi, wodzera pa chipata cha Thazima kukafika ku Chelinda, ndipo palibe basi yoti n'kuidikira. Wopita ku Livingstonia amatsika pa Chitimba n'kuyembekezera galimoto ya matola yokwera msewu wa Gorodi ndi makona ake 20. Galimotoyo ibwera ndithu, koma palibe angakuuzeni kuti ibwera nthawi yanji.

Njira yathuyi isanyozedwe, chifukwa ili ndi mphamvu yomwe ndandanda ilibe. Sitima ya ku Visp sidikira munthu, pamene malume amadikira. Ndege ichedwe maola anayi, muwapeza ali pomwepo. Anyamula mwana wogona, aima pamsika kuti alendo agule nthochi, ndipo ngati kwada awagoneka kwawo. Wodwala, wokalamba, wobwerera maliro, onsewa chibale chimawasamala bwino kuposa mmene kampani iliyonse ingachitire. Koma ulemu umenewu uli ndi mtengo womwe sitiuwerengera. Malumewo ajomba ku ntchito, athira mafuta a m'thumba mwawo, mwina atachezera pamzere usiku wonse, ndipo sangadandaule chifukwa ndi chibale. Komanso chibale chimafika pomwe pali abale basi. Malume a ku Area 25 akhoza kukufikitsani ku Likuni, koma ku Chelinda ayi. Kupitirira apo chotsala ndi kubwereka galimoto yamphamvu ndi dalaivala wake kwa masiku angapo, zomwe zachititsa kuti mapiri athu asanduke a alendo ochepa a ndalama, pamene mphunzitsi wa ku Kasungu amapuma pa ntchito ana ake asanaonepo mbidzi za ku Nyika.

Wina anena kuti n'kulakwa kuyerekeza dziko lathu ndi Switzerland, dziko lotha kuboola phiri ndi ndalama mabiliyoni. N'zoona, ngalande ya Lötschberg sitingaikwanitse, ndipo sitikuifuna. Koma kulemba nthawi yonyamukira sikulira ndalama zoboolera phiri. Sitima ya Ilala yakhala ikuyenda pa nyanja kuyambira mu 1951 ndi masiku ake odziwika a sabata, ndipo anthu a ku Likoma amakonza zochita zawo motsatira masikuwo ngakhale imachedwa nthawi zina. Makochi a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amanyamuka pa nthawi yoikika, tikiti itagulidwa dzulo lake, ndipo anthu amawakwera ngakhale mtengo wake umaposa wa minibasi. Amalawi wotchi amaidziwa. Dalaivala wa minibasi akamadikira kuti idzaze amakhala akuwerengera: pali ndalama yoti akapereke kwa bwana madzulo, mafuta akwera, ndipo kunyamuka mipando isanu ilibe anthu ndiye kugona ndi njala. Minibasi ya ku Geneva nayonso sinyamuka yopanda anthu, kungoti imadzaziratu pa foni tsiku lisanafike, pamene yathu imadzazira pa depoti ndi kukhosi kwa woitanira. Foni tili nazo, Airtel Money ndi Mpamba zafika mpaka kumudzi, ndipo ndege zotera pa Lumbadzi ndi pa Chileka patsiku n'zochepa moti nthawi zake munthu akhoza kuziloweza pamtima. Kudziwa kuti pa ndege ya masana ya Lachisanu pali mabanja atatu opita ku Zomba n'kotheka ndi foni imodzi ndi kope.

Winanso anena kuti ku Alps komweko zinthu zimasokonekera, ndipo akunena zoona. Nyumba zambiri za alendo kumeneko zimabwerekedwa kuyambira Loweruka mpaka Loweruka, choncho otuluka ndi olowa amakumana pa msewu umodzi tsiku limodzi, chizolowezi chomwe sitiyenera kutengera. Msewu wa pakati pa Albertville ndi Moûtiers, womwe unakuzidwa pokonzekera masewero a Olympics a mu 1992, umathinabe Loweruka la tchuthi cha February, ngakhale boma la France linagawa tchuthi cha sukulu m'zigawo zitatu kuti anthu asanyamukire limodzi. Pa 27 December 2014 chipale chinagwa chambiri ndipo magalimoto pafupifupi 15,000 anatsekeredwa m'misewu ya ku Savoie, mabanja n'kukagona m'maholo a masewero. Zermatt yomweyo inatsekeka mu January 2018 chifukwa choopa kugumuka kwa chipale, alendo pafupifupi 13,000 ali mkati, ndipo ena anatulutsidwa pa helikopita. Mitengo nayo ndi yoboola m'thumba. Dongosolo silingaletse nyengo kuipa. Chomwe limachita n'chakuti zinthu zikavuta pamakhala woyankha: pali ofesi yotsegula holo, pali kampani yomwe inalandira ndalama zanu ndipo mukhoza kuifunsa, pali uthenga wonena kuti msewu utsegulidwa liti. Banja lomwe galimoto yake yatitimira m'matope pa msewu wa Thazima mu February limadalira odutsa ndi makasu a anthu a m'mudzi wapafupi. Chifundo chimenecho chimapezekadi, ndipo kawirikawiri chimabwera msanga, koma munthu wa ana atatu sangagule tikiti ya ndege akudalira chimenecho.

Pa zonsezi, chosafunika kuzengereza ndi mwana wa pamiyendo. M'minibasi ya ku Kawale kapena ku Ndirande n'zomveka: mayi amamufungata kuti asalipire mpando wachiwiri, ndipo kumulamula kuti agule kampando n'chimodzimodzi kumuuza kuti asayende. Koma galimoto yotenga anthu pa bwalo la ndege, yomwe imalipiritsa kale mtengo wa alendo n'kuthamanga nawo pa M1 kwa maola anayi, ilibe chifukwa chosakhalira ndi timipando tiwiri m'buti. Manja a mayi sangagwire mwana galimoto ikawomba chinthu pa liwiro la makilomita 80 pa ola. Eni malo ogona alendo a ku Zomba, Mulanje ndi Rumphi, amene ndiwo amataya makasitomala pa chigawo chomalizachi, agwirizane pa galimoto imodzi yonyamuka masiku odziwika, nthawi ndi mtengo zitalembedwa, mpando wogulidwa pa foni, kampando ka mwana kalimo. Ndipo oyang'anira mabwalo a Kamuzu ndi Chileka apachike chikwangwani cha mitengo ya takisi potulukira pomwe, kuti mayi wotsika ndege ndi ana ake asayambe ulendo wa kumudzi ndi kunenerera.