Chidulo ndi Magadi: Kusiyanitsa Misakanizo ndi Zinthu Zopanda Chosakaniza

Pa kafukufuku wanga kuno ku Kahawa, ndikuonetsa kuti kemisitiri ingaphunzitsidwe m'Chichewa pogwiritsa ntchito zinthu za kukhitchini.

Akatswiri amagawa zinthu m'magulu awiri: misakanizo ndi zinthu zopanda chosakaniza. Gulu lachiwirili lili ndi maelementi, monga okosijeni, ndi makompaundi, monga madzi, omwe ndi haidrojeni ndi okosijeni zolumikizana.

Chitsanzo changa ndi chidulo. Phulusa lothiridwa madzi ndi msakanizo wooneka ndi maso, chifukwa timakala timayandama pamwamba. Mayi akacheza chidulo, madzi odontha pansi amaoneka ngati chinthu chimodzi, koma akadali msakanizo popeza muli potaziyamu kaboneti wosungunuka. Mukawaphwetsa pamoto, pansi pa mphika pamatsala ufa wotuwa. Kusefa ndi kuphwetsa kumalekanitsa misakanizo, koma kuti madzi enieniwo agawike kukhala haidrojeni ndi okosijeni pamafunika magetsi.

Ku Kenya ambiri amafewetsera ndiwo ndi magadi. Mchere umenewu ngochuluka ku nyanja ya Magadi m'dera la Kajiado, komwe kampani yoyamba kuukumba idakhazikitsidwa mu 1911. Magadi nawonso ndi msakanizo, ndipo amakhala ndi fluoride, amene akachuluka m'thupi amadetsa mano a ana. Choncho kudziwa zimene zili mu msakanizo kumateteza thanzi la banja.