Mvula yagwa, mwana ali m'matope

Mvula yoyamba ikagwa kwathu ku Ntaja, anthu ankathamangira kumunda ndi mbewu, koma alamu anga ankayamba kumangirira ndalama ya kabaza pansonga ya chitenje. Ankadziwa kuti Januwale sangathe mwana asanatenthe thupi. Chisamba chawo chinabadwa mu 2014. Usiku wina, ali ndi chaka ndi theka, mwanayo anakomoka, maso atatembenuka, timanja tili gwa! Titafika naye ku chipatala chachikulu cha boma la Machinga ku Liwonde, namwino anamutambasula chikhatho, ndipo munali mbuu ngati ufa woyera. Malungo anali atamumwa magazi. Anamuwonjezera magazi ndipo anachira, koma chaka chimenecho munda wa alamu unalowa thengo.

Kuno zoterezi sizinali nkhani. Madambo a mpunga a ku Chilwa ndi Chiuta, ndiponso mtsinje wa Shire umene ukulekanitsa Machinga ndi Balaka, amatidyetsa, koma amaweta udzudzu.

Tsono tamvani zimene zinachitika! Pa 23 Epulo 2019, Malawi anakhala dziko loyamba padziko lonse kupereka katemera wa malungo, wotchedwa RTS,S, kusikelo ya ana. Ghana ndi Kenya anatsatira m'mbuyo mwathu. Mwa maboma 11 amene anasankhidwa munali Machinga ndi Balaka. Katemerayu anatenga zaka zoposa 30 akukonzedwa, ndipo ana a ku Lilongwe anali m'gulu la omwe anayesedwa naye kale, pomwe zinaoneka kuti mwa malungo 10 amene akanagwira ana, iye amatsekereza pafupifupi 4.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi momwe anafufuzira. Sanangobaya ana n'kuyamba kuwomba m'manja. M'mabomawa madera ena anayamba kulandira, ena anadikira, kuti ayerekeze. Akatswiri a ku College of Medicine ankawerenga ana ogonekedwa m'zipatala, ndipo mwana akamwalira kumudzi, ofufuza ankapita kukakhala pamphasa ndi mayi wake, kumufunsa mofatsa momwe matenda anayendera. Ntchito yowawa imeneyo, ndipo amayi amene anayankha misozi ili m'maso ndimawavulira chipewa. Mu Okutobala 2021 bungwe la WHO linavomereza katemerayu, ndipo kumapeto kwa 2022 madera odikira aja nawonso anayamba kulandira. Atawonkhetsa za maiko atatuwa, anapeza kuti imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zatsika ndi 13 pa 100 alionse, ndipo ogonekedwa ndi malungo aakulu achepa ndi 22 pa 100. Amenewo ndi ana enieni, amene lero akuthamangitsa nkhuku m'mabwalo.

Mzime wa alamu, kamtsikana, anabadwa mu 2023. Mwezi wathawu ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa, ndipo ndisanakhale n'komwe analowa m'nyumba kukatenga buku la kusikelo. Amalisunga m'jumbo ya shuga kuopa chinyontho.

"Taonani, alamu," anatero, chala chili patsamba. "Miyezi 5, miyezi 6, miyezi 7. Iyi ya miyezi 22 ndinatsala pang'ono kuiwala, koma alangizi a zaumoyo anabwera okha panjinga kudzandikumbutsa. Zonse zinayi, pantchafu!"

Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Neti sanaitaye ayi, ikadali yopachikidwa pamwamba pa mphasa, pabowo pamene khoswe anaboola atasokapo ndi ulusi wakuda. Mwanayo anadwalapo malungo kamodzi. Anamuyeza pachala, anamwa mankhwala a LA masiku atatu, tsiku lachinayi anali akulimbirana mango ndi mchimwene wake, yemwe uja wa chikhatho choyera, amene tsopano ndi mnyamata wa kupulayimale.

"Nanga ya kabaza ija?" ndinafunsa.

Analoza kuseri kwa nyumba. Mbuzi ziwiri, ina ili ndi bere.

Tikucheza choncho, mitambo inachita bii cha ku phiri la Chikala, ndipo mvula inayamba kuwaza. Kamtsikana kaja kanavula diresi, n'kudumphira m'chithaphwi, phava! Mayi ake anakakuwira kamodzi kokha, kenako ananyamula khasu ndi kathumba ka mbewu.