Khonde la intaneti ndi lanu

Sabata yatha kushopu kwanga kunabwera aphunzitsi ena, laputopu ili kukhwapa, nkhope yakugwa. "Achimwene, makinawa alowa vairasi. Ndikangotsegula intaneti kukubwera nkhani zakunja, zithunzi za osewera mpira, nyengo ya mzinda womwe sindinapondeko. Bandulo ikutha ndisanaone n'komwe imelo."

Vairasi munalibe. Zomwe ankaonazo ndi tsamba loyamba la Microsoft Edge, lomwe limadzaza nkhani za MSN mwiniwake asanapemphe, ndipo kachithunzi kalikonse kamadya bandulo yanu.

Ambiri amayesa tsamba limeneli ndiye intanetiyo. Ayi ndithu. Chrome, Firefox kapena Edge ndi mapulogalamu chabe otsegulira intaneti, ndipo tsamba loyambalo ndi khonde lake. Mutha kulisesa n'kuikapo mpando womwe mukufuna. Eni makampani amadziwa mtengo wa khondeli kuposa ife. Pamlandu wina ku America zinaululika kuti mu 2022 Google inalipira Apple madola 20 biliyoni kuti anthu akamafufuza zinthu pa Safari, pulogalamu ya Apple yotsegulira intaneti, azidzera kwa Google. Ndalama zambiri za Mozilla, eni ake a Firefox, zimachokeranso ku Google pachifukwa chomwecho. Amadziwa kuti munthu chomwe wachipeza sachisuntha.

Kusintha kwake sikulira sukulu. Pa Chrome ya pakompyuta dinani timadontho titatu tili kumtunda chakumanja, lowani mu Settings, mupeze On startup. Pali njira zitatu: tsamba latsopano, kupitiriza pomwe munalekezera, kapena masamba omwe mwasankha nokha. Yachiwiriyo ine ndimaikana pakompyuta ya paofesi kapena ya banja lonse, chifukwa wotsegula m'mawa amaona zonse zomwe munkawerenga usiku. Ndaonapo anthu akuchita manyazi nazo, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Pa Firefox pitani ku Settings, kenako Home, musankhe Blank Page, tsamba loyera mbee, lopanda chodya bandulo. Pa Edge, patsamba lomwelo pali kachizindikiro konga giya; nkhani zija mumazimitsira pamenepo.

Podetsa nkhawa ndi pamene mwasintha lero, mawa n'kupeza zabwerera, kapena mukafufuza kanthu mukutulukira patsamba lachilendo. Apo ndiye kuti m'nyumba mwalowa mlendo wosaitanidwa. Kawirikawiri imakhala extension, kapulogalamu kowonjezera, yomwe inabwera mobisala ndi pulogalamu yaulere, ija munangodina Next, Next osawerenga. Pa Chrome lembani chrome://extensions pomwe mumalemba adiresi, ndipo chilichonse chomwe simukuchikumbukira chichotseni.

Aphunzitsi aja ndinawaikira masamba awiri okha, imelo yawo ndi tsamba la MANEB. Ntchito yonse sinakwane mphindi zisanu, moti ndinachita manyazi kuwalipiritsa. Inu musadzavutike kunyamula laputopu mpaka kwa ine, tsegulani Settings madzulo ano.