Furan, Kaduwa Kokhala M'mwamba

Kodi mudamvapo za duwa losafuna dothi? M'nkhalango za kumwera kwa Japan ndi Korea, ndiponso m'madera ena a China, mumamera kaduwa kotchedwa furan m'Chijapani, kutanthauza duwa la mphepo. Akatswiri a zomera amati Vanda falcata. Ndi kachibale ka chikanda chathu chija, koma iko sikamera pansi. Kamakangamira pa nthambi za mitengo ndi pa matanthwe, mizu yake yonenepa ili pamtetete, ikumwa mvula ndi nkhungu. Mtengowo sikaubera chakudya, kamangopemphako malo.

Mu June ndi July kamachita maluwa oyera onunkhira kwambiri madzulo. Timadzi take totsekemera timakhala m'kanyanga kakatali kopindika, ndipo agulugufe ausiku a milomo yaitali ndiwo amatifikira, nanyamula mungu.

M'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 kufikira 1868, olemera a ku Japan adakakonda zedi, makamaka wolamulira Tokugawa Ienari. Mitundu yosowa ankaiphimba ndi ukonde wa golide kapena siliva, ndipo wodzaiona ankatseka pakamwa ndi pepala kuti mpweya wake usaikhudze.

Nanga tingakasamale bwanji? Tiyenera kukumbukira kwao kwake. Alimi a ku Japan amakulunga mizu pa kachulu ka ndere zofewa za sphagnum, nasiya mphako pakati, kenaka amakaika m'kamphika ka bowo lalikulu pansi kuti mpweya uzidutsa. Tikathirira, tidikire kuti nderezo ziume tisanathirenso, pakuti mizu yonyowa kosalekeza imaola. Kamafuna kuwala kosefedwa ngati kwa pansi pa masamba, osati dzuwa la masana. M'nyengo yozizira kamapumula, choncho madzi achepe ndipo feteleza aleke. Kamakula pang'onopang'ono, motero kamayesa kuleza mtima kwa mlimi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti okakondawo ndiwo adakasowetsa. Ku South Korea anthu adakazula m'thengo kufikira boma lidakaika m'gulu loyamba la zamoyo zimene zili pafupi kutha. Lero timbande toleredwa kuchokera ku njere tikubwezedwa pa zisumbu za kumwera kwa dzikolo.

Makolo ndi achinyamata, tikafuna duwa lotere tigule loleredwa ku nazale. Lam'thengo tilisiye pa nthambi yake, kuti adzukulu athu adzamveko fungo lake.